Kusankha Nthaka ndi Feteleza wa Chamba cha Mafakitale: Malangizo kwa Alimi Oyamba Kumene ku Migowi

Mawu oyamba

Mu Febuluwale 2020, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lomwe linatsegula mwayi wolima chamba cha mafakitale ndi chamba chopangira mankhwala m'Malawi muno. Lamuloli lisanabwere, mitundu ya chamba cha mafakitale yochokera kunja inali itayamba kuyesedwa pa malo a kafukufuku a Chitedze ku Lilongwe mu 2015, mogwirizana ndi kampani ya Invegrow. Wololedwa kulima mbewuyi ndi yekhayo amene ali ndi chiphaso chochokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority, ndipo ayenera kulima pa malo amene analembetsa, pogwiritsa ntchito mbewu yovomerezeka. Chamba cha mafakitale ndi chomwe THC wake, amene ndi mankhwala oledzeretsa a m'chamba, sapitirira 1 peresenti. Malangizo ali munowa ndi a alangizi ndi alimi otsogolera amene akuthandiza alimi kapena magulu okhala ndi chiphaso.

Funso limene mlimi woyamba kumene amathamangira kufunsa ndi lakuti athire feteleza wanji. Ku Migowi funso limenelo liyenera kubwera pambuyo. Choyamba ndi kudziwa ngati madzi amachoka msanga m'munda umene wasankhidwa, chachiwiri ndi kuyeza nthaka, ndipo feteleza ndi wachitatu. Mlimi amene walipira chiphaso ndi kugula mbewu yodula, koma n'kubzala pa lowe, wataya ndalama zake asanamasule n'komwe thumba la feteleza.

Zimene mbewuyi imafuna m'nthaka

Alimi ambiri amaganiza kuti chamba ndi thengo lomera paliponse. Maganizo amenewa amachokera pa chamba chamakolo, chomwe chinazolowera nyengo ya kuno kwa zaka zambiri. Mitundu ya mafakitale inakonzedwa m'mayiko ena ndipo siipirira chimodzimodzi.

Chamba cha mafakitale chili ndi muzu waukulu wolowa pansi, umene umafuna dothi lofewa, lakuya komanso lolowa mpweya. Muzuwo ukagunda dothi lolimba umapindika, ndipo mbewu imapinimbira. Madzi akaima m'munda kwa masiku awiri kapena atatu mbewu ikadali yaing'ono, mizu imasowa mpweya, masamba amachita chikasu, ndipo mbewu zambiri zimafa kapena kutsalira osachiranso. Njere yake ndi yaing'ono ndipo imabzalidwa mosazamitsa, masentimita 1 mpaka 2.5, choncho mvula yamphamvu ikaumbitsa dothi pamwamba, mbande zimalephera kutuluka.

Nthaka yoyenera ndi yosakanikira bwino mchenga ndi dongo, yokhala ndi zowolerana zambiri, yomwe pH yake ili pakati pa 6.0 ndi 7.5. Mwachidule, munda umene umabereka chimanga chabwino chaka cha mvula yambiri ndi chaka cha mvula yochepa chomwe ndi umene ungaganiziridwe.

Mitundu ya nthaka yozungulira Migowi

Migowi ali pa chigwa cha Phalombe, chomwe chimatsetsereka kuchokera ku mapiri a Mulanje ndi Michesi kulowera ku nyanja ya Chilwa. Pa mtunda waufupi nthaka imasintha kwambiri, mwakuti minda iwiri ya m'mudzi umodzi ingathe kufuna chisamaliro chosiyana.

*Katondo ndi dothi losakanikira la kumtunda.* Nthaka yofiira kapena yofiirira ya malo okwererapo imalowetsa madzi bwino ndipo ndiyo yoyamba kuiganizira. Vuto lake ndi asidi ndi kuchepa kwa chonde m'minda imene yalimidwa chimanga zaka zambiri. Komanso pansi pa mizere pamakhala dothi lolimba, lomwe limabwera chifukwa cha khasu kulekeza pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka.

*Makande.* Dothi lakuda la kumunsi kwa chigwa lili ndi chonde, n'chifukwa chake limakopa mlimi. Koma limang'aluka m'chilimwe, ndipo likanyowa limafufuma, ming'alu n'kutsekeka, madzi n'kuima. Mpunga ndi mapira zimapirira pamenepo, chamba ayi. Kuyandikira nyanja ya Chilwa pamawonjezekanso vuto la mchere, popeza nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi.

*Madambo.* Awa asiyidwire mpunga ndi ulimi wa m'chilimwe.

*Mchenga wobwera ndi madzi osefukira.* Napolo wa mu Malichi 1991 komanso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya mchenga ndi miyala m'minda yambiri ya m'boma la Phalombe. Munda wotere umalowetsa madzi msanga, koma sugwira chinyezi kapena feteleza. Komanso pomwe madzi anadutsa kamodzi angathe kudutsanso. Mlangizi afunse eni munda ndi akuluakulu a m'mudzi kumene madzi anafika zaka zimenezo.

Kuyeza munda ndi khasu

Pali njira zinayi zimene mlimi wotsogolera angachite popanda chipangizo chilichonse chogula.

1. *Mbiri ya munda.* Munda umene chimanga chake chimachita chikasu mu Januwale ndi Febuluwale chifukwa cha lowe, kapena umene madzi amakhala m'makwalala tsiku lonse mvula itasiya, usasankhidwe.

2. *Dzenje loonera.* Pakumbidwe dzenje lakuya masentimita 60. Dothi lofiira kapena lofiirira mpaka pansi limasonyeza kuti mpweya umalowa. Dothi lotuwa kapena la mawangamawanga a dzimbiri limasonyeza kuti madzi amakhalitsa pamenepo nthawi ya dzinja, ngakhale dzenjelo litakumbidwa mu Okutobala kuli gwa. M'dzenje lomwelo aonenso ngati pali dothi lolimba pansi pa mzere, komanso ngati mizu ya mbewu za chaka chatha inapindikira cham'mbali.

3. *Kulowa kwa madzi.* Dzenje la masentimita 30 kuya ndi 30 m'lifupi lidzazidwe madzi ndi kusiyidwa usiku wonse. M'mawa lidzazidwenso, kenaka ayeze mmene madzi akutsikira pa ola lililonse. Kutsika kwa masentimita 2.5 mpaka 7.5 pa ola ndi kwabwino. Kochepera 2.5 kukusonyeza lowe, ndipo kopitirira kwambiri 7.5 kukusonyeza mchenga. Pa makande njirayi imanamiza ikachitika m'chilimwe, chifukwa madzi amathawira m'ming'alu. Pamenepo kuyeza kuchitike dothi litakhuta mvula.

4. *Kufinya dothi.* Dothi lonyowa likafinyidwa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kutuluka ngati lamba wotalika kupitirira masentimita 5 osaduka, ndiye kuti dongo lachuluka. Likakana kuumbika n'komwe, ndi mchenga. Loyenera ndi lomwe limaumbika koma lamba wake n'kuduka akadali wamfupi.

Munda umene walephera njira yoyamba kapena yachiwiri usiyidwe. Mizere italiitali ndi ngalande zimathandiza pamene vuto ndi laling'ono, koma sizisandutsa dambo kukhala mtunda. Ngati vuto ndi dothi lolimba la pansi lokha, lingathe kuswedwa pokumba mozama m'chilimwe, kapena pobzalapo nandolo chaka chimodzi chamba chisanabwere.

Malo oyenera kuwapewa ngakhale ali achonde

Chamba chimayamwa zitsulo zapoizoni monga kadimiyamu ndi mtovu kuchokera m'nthaka. Khalidwe limeneli ndi lodziwika kwambiri, mwakuti chinabzalidwapo pafupi ndi Chernobyl ku Ukraine komanso ku Taranto ku Italy ndi cholinga choyeretsa nthaka yoipitsidwa. Kwa mlimi wogulitsa njere zodya, mafuta kapena maluwa, khalidweli ndi chiopsezo, chifukwa ogula a kunja amayeza zitsulozi ndi zotsalira za mankhwala ophera tizilombo, ndipo katundu wopitirira mlingo amakanidwa.

Choncho apewe malo amene kale anali dzala, malo okonzera galimoto, pomwe pankatayidwa mabatire, ndi m'mphepete mwenimweni mwa msewu waukulu. Manyowa ochokera ku zinyalala zosakanikira za pamsika asagwiritsidwe ntchito.

Mbewu imene inali m'munda chaka chatha nayo ndi yofunika. Pambuyo pa fodya kapena tomato pamatsala tinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu, tomwe timagwiranso chamba. Mpendadzuwa, womwe umalimidwa kwambiri ku Phalombe, uli ndi matenda owoletsa tsinde amene amagwiranso chamba. Pambuyo pa nandolo, mtedza kapena chimanga chothiridwa manyowa ndi pabwino.

Kutumiza dothi ku labotale

Khasu silingaonetse pH kapena kuchuluka kwa fosiforasi ndi potaziyamu. Izi zimafuna labotale, monga za ku malo a kafukufuku a Bvumbwe ku Thyolo ndi Chitedze. Dothi litengedwe mu Julayi kapena Ogasiti kuti zotsatira zifike nthawi yokonza munda isanathe.

Mlimi ayende mokhotakhota m'munda, n'kutapa dothi pa malo 15 mpaka 20, kuyambira pamwamba kufika masentimita 20. Dothi la masentimita 20 mpaka 40 liikidwe padera. Alambalale chulu, pomwe panatenthedwa zinyalala ndi pomwe panali khola. Dothi la mulingo uliwonse lisakanizidwe m'ndowa ya pulasitiki, liumitsidwe pamthunzi, ndipo theka la kilogalamu liikidwe m'jumbo yolembedwa dzina la munda, kuya kwake ndi mbewu ya chaka chatha. Ngati munda uli ndi mbali yofiira ndi mbali yakuda, mbali iliyonse iyezedwe payokha.

pH ikakhala pansi pa 5.5, aluminiyamu wa m'nthaka amawononga nsonga za mizu, ndipo fosiforasi wa m'feteleza amagwidwa ndi dothi mbewu isanamugwiritse ntchito. Mankhwala ake ndi laimu wa ulimi, pa mlingo umene labotale yanena, wosakanizidwa ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu kubzala kusanachitike. Makande nthawi zambiri alibe vuto la asidi, ndipo kuthirapo laimu kungangochititsa kuti zinki asapezeke ku mbewu. Laimu asathiridwe mongoganizira.

Chakudya cha mbewu chimatengera cholinga

Chamba cha mafakitale chimalimidwa pa zolinga zitatu. Cha luzi chimafesedwa mothithikana kwambiri kuti mitengo ikhale yaitali ndi yowonda. Cha njere chimabzalidwa motalikirana pang'ono. Cha maluwa, omwe amachotsamo mafuta a CBD, chimabzalidwa motalikirana pafupifupi mita imodzi kapena kupitirira. Mlimi adziwe msika wake asanagule feteleza.

M'mayiko a ku Ulaya ndi ku Canada, kumene mbewuyi yalimidwa kwa nthawi yaitali, chamba cha luzi ndi cha njere chimapatsidwa nayitirojeni wa makilogalamu pafupifupi 80 mpaka 120 pa hekitala, fosiforasi 40 mpaka 70, ndi potaziyamu woyambira 40 kupita m'tsogolo malingana ndi nthaka. Manambala a fosiforasi ndi potaziyamuwa akuwerengedwa monga momwe amalembedwera pa thumba la feteleza. Ndi poyambira chabe, ndipo ayenera kusinthidwa potengera zotsatira za labotale.

Thumba lililonse la makilogalamu 50 limapereka izi:

- NPK 23:10:5+6S+1.0Zn: nayitirojeni 11.5, fosiforasi 5, potaziyamu 2.5.
- NPK 23:21:0+4S, wodziwika kuti Chitowe: nayitirojeni 11.5, fosiforasi 10.5, potaziyamu palibe.
- D Compound 8:18:15, wozolowereka pa fodya: nayitirojeni 4, fosiforasi 9, potaziyamu 7.5.
- Urea: nayitirojeni 23.

Mlimi amene watengera ndondomeko ya chimanga, ya matumba awiri a 23:10:5 ndi atatu a Urea pa hekitala, amapereka nayitirojeni wa makilogalamu 92, koma fosiforasi 10 ndi potaziyamu 5 basi. Nayitirojeni wakwana, koma zinazo zaperewera kutali ngati nthaka ilibe zake zokwanira. Matumba asanu a D Compound ndi atatu a Urea amapereka nayitirojeni 89, fosiforasi 45 ndi potaziyamu 37.5, zomwe zikuyandikira zofuna za mbewuyi. Pa ekala imodzi amenewo ndi matumba awiri a D Compound ndi makilogalamu 60 a Urea.

Apa ndi pamene kuyeza nthaka kumabweza ndalama zake. Labotale ikapeza kuti potaziyamu ndi fosiforasi alipo okwanira, mlimi sayenera kugula matumba asanu a feteleza wodula. Ikapeza kuti akusowa, kuwonjezera Urea sikungathetse vutolo.

Nthawi ndi kathiridwe

Chamba chimayamba kuchita maluwa potengera kutalika kwa usiku. Mitundu yambiri ya ku Ulaya inakonzedwera kumene usana wa nthawi yolima umafika maola 15 kapena 16. Ku Migowi usana wautali kwambiri, wa kumapeto kwa Disembala, ndi wa maola pafupifupi 13. Chotsatira chake n'chakuti mitundu yotereyi imachita maluwa msanga, patangopita masabata ochepa chimerereni, ndipo ikatero kukula kwa msinkhu kumachepa. Nthawi yodyetsa mbewu ndi yaifupi kuposa ya chimanga. Mlimi wodikira kuti mbewu ifike m'mawondo ndiye athire Urea angapeze kuti yachita kale maluwa.

Motero feteleza yense akhale atagulidwa tsiku lobzala lisanafike. Wokulitsa athiridwe pobzala, ndi mvula yoyamba yodalirika, masentimita 5 kumbali ndi 5 kunsi kwa njere. Asakhudzane ndi njere, chifukwa njere ya chamba imapsa msanga ndi feteleza. Wobereketsa athiridwe pakatha masabata atatu kapena anayi chimerereni, m'munda mopanda udzu, dothi lili lonyowa, ndipo akwiriridwe. Urea wosiyidwa pamtunda amauluka ngati mpweya, makamaka pa nthaka imene pH yake ndi yokwera. Pa dothi la mchenga, wobereketsa agawidwe kawiri motalikirana masabata awiri kuti mvula isamutsukire pansi.

Kupyoza mlingo wa nayitirojeni kuli ndi mavuto ake. Pa chamba cha luzi, mitengo ina imanenepa n'kupha inzake, luzi limatsika mtengo, ndipo mbewu imagwa ndi mphepo. Pa cha njere, kukhwima kumachedwa. Pa cha maluwa, masamba amachuluka pamene mphamvu ya mafuta m'maluwa imatsika.

Manyowa

Manyowa owola bwino, a khola kapena a kompositi monga chimato ndi changu, okwana matani 5 mpaka 10 pa hekitala, amafewetsa dongo, amathandiza mchenga kusunga chinyezi, ndipo amabweretsa potaziyamu amene feteleza wa chimanga alibe wokwanira. Asakanizidwe ndi dothi mwezi umodzi kubzala kusanachitike. Ndowe zaziwisi zimatentha mbande, zimabweretsa njere za udzu, komanso zingasiye tizilombo toyambitsa matenda pa maluwa ndi njere zopita kokayezedwa.

Manyowa a Mbeya ndi othandiza, koma awerengedwe moona. Ngati m'thumba la Mbeya munalowa makilogalamu 10 a Urea, nayitirojeni wochokera ku fetelezayo ndi makilogalamu 4.6, pamene thumba la Urea weniweni lili ndi 23. Ndowe ndi gaga zimawonjezerapo pang'ono, ndiponso mochedwa. Kwa mbewu yofuna chakudya chake m'masabata oyambirira, thumba la Mbeya silingalowe m'malo mwa thumba la Urea.

Feteleza ndi malire a THC

Alimi ena amaopa kuti feteleza kapena chilala zingakweze THC kupitirira 1 peresenti, mbewu n'kusanduka yosaloledwa. Kafukufuku wa ku Cornell University ku America, wofalitsidwa mu 2021, anazunza dala mbewu za chamba cha CBD poziimitsira madzi, kuzivulaza ndi kuzipatsa matenda, ndipo anapeza kuti zimenezi sizinakweze THC kwenikweni. Chachikulu ndi mtundu wa mbewu, komanso nthawi yokolola, popeza THC amakwera maluwa akamakhwima. Palibe feteleza amene angatsitse THC wa mbewu yolakwika. Chitetezo cha mlimi ndi kugula mbewu yovomerezeka, kuzula chamba chamakolo chomera chokha pafupi ndi munda kuti mungu wake usasakanikirane ndi mbewu ya njere, ndi kuyezetsa mbewu isanakololedwe.

Zizindikiro za m'munda

Masamba akunsi akachita chikasu kuyambira pansi kukwera m'mwamba, nayitirojeni akusowa. Masamba aang'ono a kunsonga akayamba ndiwo kuchita chikasu, aganizire salifa. M'mphepete mwa masamba akale mukapsa, aganizire potaziyamu. Koma asanalangize feteleza wowonjezera, mlangizi azule mbewu imodzi n'kuona mizu. Mizu yoyera ndi yolimba ikusonyeza kuti vuto lingakhaledi njala. Mizu yakuda, yofewa kapena yonunkha ikusonyeza lowe, ndipo chofunika ndi kutsegula ngalande. Mizu ya timphundu ikusonyeza tinyongolotsi tija. Pa zochitika ziwiri zomalizazi, feteleza wowonjezera ndi ndalama yotayika.

Munda woyeserera wa chaka choyamba

Gulu lililonse loyamba kumene liyambe ndi malo ochepa, ndipo mkati mwa malo olembetsedwa lipatule zigawo zinayi za mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Chigawo choyamba chisathiridwe kanthu. Chachiwiri chithiridwe manyowa okha, makilogalamu 100. Chachitatu chithiridwe makilogalamu 2.5 a D Compound ndi 1.5 a Urea. Chachinayi chilandire theka la manyowa ndi theka la fetelezayo. Mtundu wa mbewu, tsiku lobzala ndi kapaliridwe zikhale zofanana m'zigawo zonse.

Mlimi wotsogolera alembe m'kope tsiku lobzala, tsiku lomera, masiku othira feteleza, masiku amene madzi anaima m'munda, tsiku limene maluwa anaoneka, msinkhu wa mbewu pa masabata awiri aliwonse, ndi kulemera kwa zokolola za chigawo chilichonse. Zigawo zotere zikakhala m'minda ingapo ya nthaka yosiyana, alangizi adzakhala ndi manambala a ku Migowi komweko owathandiza kukonza mlingo wa feteleza wa chaka chotsatira. Makope amenewa aperekedwe ku ofesi ya zaulimi ya dera pamodzi ndi zotsatira za labotale, kukolola kukangotha.